Mwaika Ubuntu, ma command mwaloweza, nanga kenako? Kuphunzira kusamala ma seva a Linux tili konkuno ku Dedza

Pali malo ena ake pomwe anthu ambiri ophunzira Linux amafika nkuima. Munthu waika Ubuntu pa laputopu, akudziwa ls, cd, sudo apt install, terminal waipaka mitundu, koma ukangomuuza kuti seva ya ku ofesi yakana kuyaka mmawa uno tapitani mukaione, thukuta kamukamu ngakhale uli mwezi wa June ndipo tili ku Dedza komwe madzi a mu ndowa amaluma zala. Nde funso lomwe limabwera kawirikawiri kuchokera kwa anyamata ndi atsikana omwe amaliza diploma ya ICT nkubwerera kuno kudikira ntchito ndi loti, kuchoka apa ndipita bwanji patsogolo, ndigule kosi iti, ndionere channel iti.

Yankho langa ambiri silimawakomera. Ntchito ya sysadmin, munthu wosamala ma seva, mbali yaikulu ndi kukonza chinthu chomwe chaonongeka iwe usakudziwa kuti chaonongeka nchiyani, ndipo luso lotero silimalowa poonera. Pamafunika makina ako ako, uwaononge dala, uwadzutse, uwaonongenso mwa mtundu wina. Makaniko wa pa Chimbiya sanadziwe injini poonera malole akudutsa pa M1, anayamba ndi kumasula nkutsala ndi mabawuti awiri mmanja osadziwa kuti achoka pati.

Tidziwe kaye chinthu chomwe tikulimbana nachochi. Linux anaiyamba Linus Torvalds mu 1991 ali pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo chomwe analemba iyeyo ndi kernel, gawo lomwe limalankhula ndi memory, ma disiki, netiweki kadi ndi zina zotero. Zida zambiri za pa terminal monga bash, cp ndi gcc zinachokera ku GNU, ntchito yomwe Richard Stallman anailengeza mu 1983. Code yake aliyense atha kuiwerenga, kuisintha, kuigawa, nde kwa wophunzira palibe pomwe angakuuze kuti apa nzachinsinsi cha kampani, ukafuna kukumba umakumba mpaka pansi. Foni ya Android ili mthumba mwanuyo ikuyendera kernel ya Linux, makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko onse akhala ali pa Linux kuyambira kumapeto kwa 2017, ndipo kwathu kuno DHIS2, momwe a zaumoyo amalowetsa malipoti a zipatala, ndi pulogalamu yotsegula yochokera ku yunivesite ya Oslo yomwe kawirikawiri amaikhazika pa Ubuntu, PostgreSQL ili kumbuyo. Mukamva kalaliki akuti system yagwa dziwani kuti pali munthu kwinakwake yemwe foni yake ikulira osaleka, ntchito tikukambayi ndi ya munthu ameneyo.

Za ma distro, mitundu yosiyanasiyana ya Linux, musatayepo nthawi, mikangano yake siitha. Pa ntchito mukapeza mabanja awiri. Loyamba ndi la Debian, yomwe Ian Murdock anaiyamba mu 1993, ndi mwana wake Ubuntu wa kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa, anatuluka koyamba mu 2004, awa ndi a apt. Manambala a Ubuntu ndi chaka ndi mwezi, 24.04 ndiye kuti April 2024, ndipo pa seva mumaika za LTS, zosamalidwa nthawi yaitali, zimatuluka zaka ziwiri zilizonse nkumalandira ma update a chitetezo kwa zaka zisanu. Lachiwiri ndi la Red Hat, yomwe IBM inagula mu 2019, a dnf ndi ma rpm mmalo mwa apt, makampani akuluakulu amakonda kumeneku sinanga kuli support yolipira, pakavuta ali ndi woti amuimbire. Kale wophunzira ankatenga CentOS yaulere ya banja lomweli, koma CentOS Linux 8 inathetsedwa kumapeto kwa 2021, 7 nkutsatira mu June 2024, nde pano kuli Rocky Linux ndi AlmaLinux zomwe zinabadwa chifukwa cha nkhani yomweyo. Ine ndimati yambani ndi Debian kapena Ubuntu Server mpaka muzolowere, kenako ikani Rocky pambali muzichita chinthu chomwecho mbali zonse ziwiri, pomwe zasiyana mpomwe mumazindikira kuti ichi ndi Linux yeniyeni, ichi nchizolowezi chabe cha distro.

Kali Linux ayi achimwene, si poyambira. Ili ndi ntchito yake yoyesera chitetezo cha makina, koma kuyaka kwa chinjoka pa sikirini sikunaphunzitsepo munthu kusamala seva.

Labu siifuna ndalama zambiri. Laputopu yakale ija, ya sikirini yosweka kapena kiyibodi yodumpha zilembo, ndi seva yabwino zedi, ilinso ndi batire lake lomwe limagwirako magetsi akathima. Ikani popanda desktop, terminal yokha basi, muiike pa shelefu muziilowa ndi ssh, njira yolowera mu terminal kudzera pa netiweki, kuchokera pa makina ena, ngakhale pa foni ndi Termux zimatheka. Tsiku loyamba lomwelo muona kuti mukangoitseka ikugona, ssh nkuduka, ndiye mukasaka mupeza /etc/systemd/logind.conf ndi mzere wa HandleLidSwitch=ignore, phunziro loyamba limenelo. Lachiwiri limabwera lokha ngati kabatire ka CMOS, kosunga wotchi ya makina, kanafa: makina adzuka akuganiza kuti tili chaka chakalekale, apt ikukana, ma website a https akuti satifiketi siili bwino, inu nkumatukwana netiweki chonsecho vuto ndi wotchi. timedatectl ikuonetsani, muike Africa/Blantyre, chrony kapena systemd-timesyncd iziikonza nthawi yokha.

Makina amodzi sakwanira koma, chifukwa mavuto enieni amakhala pakati pa makina ndi makina. Ngati muli ndi RAM ya 8GB mutha kuyendetsa ma VM awiri atatu, makina ongoyerekeza oyenda mkati mwa kompyuta imodzi, Debian yopanda desktop imakhala bwinobwino mu 1GB. VirtualBox ndi yosavuta, koma ngati muli kale pa Linux pitani ku KVM ndi virt-manager poti ndi zomwe mukazipezenso ku ntchito, ndipo mukapeza desktop yongokhala yesani Proxmox. Imodzi ikhale ya DNS, yosandutsa maina kukhala ma adilesi, ndi DHCP, yogawa ma adilesiwo, ina web, ina database, ina yolandira ma backup. Chokoma cha VM ndi snapshot, umajambula mmene makina alili, kuononga mmene ungathere, nkubwerera.

Nkhani ya bandulo tisaibise, imawawa. ISO, fayilo yoikira Linux, koperani kamodzi, usiku kapena pa wifi ya mnzanu wa ku ofesi, muziyendetsa pa fulashi pakati panu, koma muzionetsetsa ndi sha256sum chifukwa ISO yoduka pakati imatha kukudyerani tsiku lonse mukuganiza kuti RAM yafa. Ikani VM imodzi yoyera nkumaipanga clone mmalo moika mwatsopano nthawi zonse. Ikaninso apt-cacher-ng pa laputopu ya pa shelefu ija, package ikatsika kamodzi ma VM ena onse amatengera pomwepo, ndiye mwapulumutsa data komanso mwaphunzira proxy mosadziwa. Kiwix nayo ili ndi mafayilo a Ask Ubuntu, Server Fault ndi ena otero oti muziwerenga popanda intaneti.

Tsopano tiononge. Tengani snapshot, tsegulani /etc/fstab, fayilo yomwe imauza makina kuti disiki iti ikhale pati poyaka, onjezani mzere wa disiki yachiwiri koma mulakwitse dala chilembo chimodzi mu UUID, nambala yodziwira disikiyo, kenako reboot. Makina ayamba bwinobwino, kenako aima pa mzere wonena kuti a start job is running, kuwerenga masekondi mpaka mphindi imodzi ndi theka kudikira disiki yoti kulibe, akatopa akuponyani mu emergency mode. Netiweki palibe, ssh palibe. Musathamangire snapshot, khalani pompo. journalctl -xb ikuuzani mount yomwe yalephera, blkid ikupatsani UUID yoona, mufananize ndi ya mu fstab chilembo ndi chilembo. Mukati musinthe fayilo pena ikana ati read-only, apo ndi mount -o remount,rw / kaye. Pa ma distro ena akuuzaninso kuti akaunti ya root, ya mphamvu zonse ija, ndi yokhoma simungalowe, nde muphunzira kuima pa GRUB, menyu yomwe imabwera Linux isanayake, kudina e, kuonjezera init=/bin/bash pa mzere wa kernel, kapena kuyatsira pa fulashi nkulowa ndi chroot. Madzulo amodzi amenewo mwaona ndi maso mmene makina amayakira, firmware, GRUB, kernel ndi initramfs, kenako systemd, zomwe mu buku ndi chaputala chogonetsa tulo. Ndipo kuchoka apo simusinthanso fstab osayesa ndi mount -a kapena findmnt --verify, komanso disiki ya USB ya backup muziiika nofail kuti wina akaizula kukaika nyimbo zake makina asakane kuyaka.

Chomwe mudzakumane nacho kambirimbiri kuposa ma hacker ndi disiki kudzadza. Idzadzitseni dala. Yambitsani kapulogalamu kolemba mu fayilo ya log osaleka, ikafika 100% fufutani fayiloyo ndi rm kapulogalamu kaja kakadayenda. df -h ikuuzanibe kuti disiki yadzadza, du ikuuzani kuti malo ndi ambirimbiri, awiriwa akutsutsana koma palibe akunama. Chachitika nchoti rm yachotsa dzina lokha, malowo samasuka mpaka process yomwe yagwira fayiloyo itaisiya. lsof +L1 ikuonetsani wogwirayo, mukaipanga restart malo abwerera. Palinso mtundu wina, df -h ikuti malo alipo koma makina akuti No space left on device, apo onani df -i, ma inode, omwe fayilo iliyonse imatenga imodzi, atha chifukwa cha timafayilo ting'onoting'ono tosawerengeka. Mukadutsa mmenemu logrotate imayamba kumveka chifukwa chake, LVM nayonso, pvcreate, vgextend, lvextend -r, kukulitsa malo makina ali chiyakire anthu akugwira ntchito osadziwa kanthu.

Apa ndinenepo za matenda awiri omwe ali ponseponse, chmod 777 ndi setenforce 0, command yozimitsa SELinux. Website yakana, 403 Forbidden, munthu wapita pa intaneti wapeza wina akuti panga 777, zatheka, basi wakagona. Koma 4 ndi kuwerenga, 2 kulemba, 1 kuyendetsa, nde 777 mwapereka zonse zitatu kwa mwini, kwa gulu ndi kwa wina aliyense pa makinawo. Funso loyenera linali loti web server ikuyenda ngati user uti, ndipo user ameneyo akukanizidwa pa foda iti, namei -l pa path yonse imayankha zimenezo msangamsanga. Ku Rocky kuli chinanso. Ikani httpd, pangani index.html mu home yanu, muisamutse ndi mv kupita ku /var/www/html, ma permission onse ali bho koma 403 yomweyo. Ndi SELinux imeneyo, chitetezo choonjezera chomwe chinayambira ku NSA ya ku America, fayilo iliyonse imakhala ndi label yake ndipo mv imasamutsa fayilo pamodzi ndi label ya komwe yachokera, pomwe cp ikanaipatsa ya malo atsopanowo. ls -Z muona kusiyana, ausearch -m avc muona pomwe yakanizidwa, restorecon -Rv /var/www/html nkhani yatha. Wozimitsa SELinux uja website yake yayakadi, koma mawa akakumana nazo pa seva yoti saloledwa kuzimitsa ayambira pomwe anasiya paja.

systemd, yomwe imayatsa ndi kuyang'anira ma service, akuluakulu ena amadana nayo mpaka lero. Inabwera mu 2010, Red Hat nkuitenga mu RHEL 7 mu 2014, Debian ndi Ubuntu mu 2015, kaya mumaikonda kaya ayi ndi imene mukaipeze. Njira yoidziwira ndi kulemba unit file yanuyanu. Kascript kalikonse, ngakhale kongolemba nthawi mu fayilo, kapangeni service mu /etc/systemd/system, kaziyaka kokha makina akayaka, kayende ndi user wake osati root, kadzuke kokha mukakapha ndi kill -9, kenako kapangireni timer mmalo mwa cron. Onaninso ngati ma log akusungika pakachitika reboot, pa ma distro ena amasungika pokhapokha ngati foda ya /var/log/journal ilipo, ndipo popanda iyo journalctl -b -1 siikuuzani chomwe chinachitika usiku makina asanagwe.

Kuwerenga ndi pomwe ambiri amagwera, ndipo sikuti ndi Chingerezi chokha ayi, ndi kupupuluma. Error ikatuluka maso amathawa, munthu amangoona kufiira nkuthamangira kukaimata ku Google kapena kwa AI, chonsecho mzere wachitatu wa error yomweyo ukutchula fayilo ndi nambala ya mzere pomwe pali vuto. Zolowerani man. man 5 fstab, man sshd_config, man -k mukaiwala dzina, ndi /usr/share/doc, zonsezi zili kale mu makina sizidya bandulo. Masiku oyamba zimaumitsa mutu, kenako mumadziwa podumpha, kudina / nkusaka liwu, kutsikira kumunsi kukaona ngati kuli EXAMPLES. Arch Wiki ndi yabwino ngakhale simugwiritsa Arch, ma documentation a Red Hat ndi a Debian nawo ndi aulere kuwerenga. Mavidiyo a pa YouTube sindikuti ndi oipa, amathandiza kuona chinthu chonse mmene chilili, kungoti amanamiza, mu vidiyo chilichonse chimatheka ulendo woyamba, nde umatha maola ukumva ngati wadziwa, data yapita, mawa lake watsegula terminal uli ndwii. AI ifunseni ikufotokozereni chifukwa chake, koma command yoti simukuimvetsa musaiponye pa makina a eni, makamaka ikakhala ndi rm, dd kapena mkfs mkati.

Khalidwe lomwe mukuyesa kulimanga ndi losalola chachilendo kungodutsa. Mu March 2024 injiniya wina, Andres Freund, yemwe amagwira za PostgreSQL, anaona kuti pa makina ake a Debian yoyeserera sshd ikudya CPU mosayenera ndipo kulowa kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Ambirife tikanangoti ndi netiweki. Iye anakumba mpaka anapeza kuti mu xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo yomwe ili pafupifupi mu Linux iliyonse, wina anabisamo backdoor yoti adzalowere mu ma seva a anthu, ndipo zinagwidwa zisanafike mu ma version okhazikika a Debian, Ubuntu ndi Red Hat. Zida zofufuzira zotere, top, vmstat, iostat, strace, perf, zonse ndi zaulere. Pangani VM ichedwe dala, ulendo uno poidyera CPU, wina poidzadza memory mpaka OOM killer, gawo la kernel lopha process memory ikatha, iphe database muone mmene zimalembedwera mu dmesg, wina poipanikiza disiki, kenako muzitha kusiyanitsa zitatuzi poyang'ana manambala okha.

Netiweki ndi theka la ntchitoyi ndipo siithawika. Chofunika ndi kuzolowera kufunsa mafunso motsatana mmalo molota. ip a, kodi ndili ndi adilesi. ip route, ndikutulukira kuti. ping 8.8.8.8 ikuyankha koma dzina likukana, ndiye kuti ndi DNS, tengani dig. ss -tulpn, kodi service ikumveradi pa port imeneyo, kapena ikumvera pa 127.0.0.1 pokha nchifukwa chake ena sakuifika. Kenako firewall, kaya ufw, firewalld kapena nftables, ndipo zonse zikakanika tcpdump siinama, imakuonetsa ngati paketi yafika kapena siinafike. Subnetting phunzirani ndi pensulo mpaka /24 ndi /26 muziziona mmutu.

Ndiye pali kudzitsekera panja. Seva ili ku Lilongwe, inu muli pa boma pano, mwasintha firewall kapena sshd_config, enter, zii. Mu labu nzoseketsa, pa ntchito ndiye kuti minibasi ya mmamawa, makilomita oposa 80 kukalemba mzere umodzi, abwana akudikira pakhomo. Yesererani zimenezi pa VM kuti manja azolowere okha: ssh ina ikhale chitsegukire mukusintha, sshd -t ndi nginx -t musanapange restart, visudo osati kutsegula sudoers mwachisawawa, netplan try pa Ubuntu yomwe imabweza zakale pakatha masekondi 120 ngati simunavomereze, kapena kusiya command ya at yoti ibweze firewall yakale pakatha mphindi zisanu.

Pa data ya foni kawirikawiri simukhala ndi public IP, nde kuti mulawe intaneti yeniyeni pamafunika VPS, seva yobwereka pa intaneti. Ndi madola ochepa pamwezi, chovuta ndi khadi yolipirira ndi forex, bola kusonkherana atatu anayi aliyense akhale ndi akaunti yake, zomwenso ndi phunziro la ma user, ma group ndi sudo. Ikayaka dikirani maola angapo mutsegule log ya ssh, muona ma bot ochokera kulikonse akuyesa root, admin, test, usana ndi usiku pa makina oti simunauze munthu. Apo ma ssh key, kutseka PasswordAuthentication ndi fail2ban simuchitanso kukakamizidwa. Onjezani satifiketi ya Let's Encrypt yoti izidzikonzanso yokha ikamatha, ndi WireGuard kulumikiza VPS ndi makina a kunyumba.

Magetsi ndiye phunziro lomwe ife timalipeza ulere pomwe anzathu akunja amachita kulipanga dala. Zimitsani VM mwankhanza database ili mkati molemba, muiyatse, muwerenge log muone PostgreSQL ikudzikonza kuchokera mu WAL, momwe imayamba kulemba zosintha zonse, ext4 kapena XFS ikubwereza journal yake, mudziwenso pogwiritsa fsck ndi xfs_repair, osati pa disiki yomwe ili mounted. Kenako dzifunseni, magetsi akabwera 2 koloko usiku ine ndili mtulo zonse ziyaka zokha? Mu BIOS ya desktop muli setting yoti makina aziyaka okha magetsi akabwera, service iliyonse ikhale enabled, app isayambe database isanadzuke. UPS yongolira pakona siithandiza ngati seva siikudziwa kuti batire likutha, ilumikizeni ndi chingwe cha USB muike NUT kapena apcupsd kuti makina azizima mwaulemu. Raspberry Pi ndi yabwino pa sola koma SD card yake siikondwa ndi kuzimazima. Kuzizira kwa kuno kumawakomera makina, koma fumbi la mu October limatseka ma fan, ndipo smartctl muziiyendetsa pa ma disiki akale a kaunjikawa musanawakhulupirire.

Backup aliyense amati ali nayo. Iyeseni motere: fufutani VM yonse, yang'anani wotchi, muimange kuchokera ku backup yokha. Apo mpomwe zimadziwika kuti cron inasiya kuyenda miyezi yapitayo, kapena munkakopera mafayilo a database ili chiyakire mmalo mwa pg_dump kapena mysqldump, kapena pasiwedi ya backup inali mu makina omwe mwafufutawo. rsync ndi poyambira, borg kapena restic pambuyo pake. Makope akhale atatu, pa zinthu ziwiri zosiyana, limodzi lisakhale mnyumba yomweyo poti wakuba ndi mphenzi satenga chimodzi nkusiya china. RAID, kusunga data yomweyo pa ma disiki angapo, imakutetezani disiki ikafa basi, mukafufuta fayilo molakwitsa imafufutika mbali zonse.

Mukachita chinthu ndi manja katatu chatopetsa, chilembeni script. Bash kaye, ma variable, ma loop, exit code, grep, awk ndi sed pang'ono, Python pambuyo. Zonse zilowe mu git, ngakhale /etc yomwe, etckeeper imachita zimenezo ndipo mudzatha kuona kuti ndani anasintha chani liti. Kenako Ansible, chida chokonzera ma seva ambiri nthawi imodzi, inatuluka mu 2012, Red Hat nkuigula mu 2015, ubwino wake siifuna kuika kanthu kapadera pa ma seva, imangodutsa pa ssh. Cholinga chikhale choti labu yanu yonse imangike ndi playbook, fayilo ya malangizo a Ansible, mukaiyendetsa kachiwiri inene changed=0. Docker, yomwe inatchuka kuyambira 2013, ndi Podman zibwere apa osati koyambirira, chifukwa container ndi process wamba yomwe kernel yaitchingira ndi ma namespace ndi ma cgroup, wodziwa ma process, ma mount ndi netiweki amaimva sabata yomweyo. Kubernetes idikire, ndikuona anthu akuithamangira asanadziwe kuwerenga journalctl. Amene ali ndi nthawi ndi mtima wautali ayese Linux From Scratch kamodzi, kumanga system yonse kuchokera ku source, siidzakupatsani ntchito koma mudzadziwa chilichonse chili mmenemo chinalowa bwanji.

Za ma satifiketi, zoona zake nzoti amathandiza CV kudutsa pa tebulo la HR, makamaka ku ma NGO ndi ntchito za kunja. LPIC-1 ndi mayeso awiri, 101 ndi 102, a mafunso, CompTIA Linux+ nayo ili chakomweko. Omwe ine ndimawapatsa ulemu ndi ochita ndi manja, RHCSA ya Red Hat ndi LFCS ya Linux Foundation. Pa RHCSA amakupatsa makina ndi ntchito zoti uchite, intaneti palibe koma man ilipo, kukhoza ndi 210 pa 300, ndipo zomwe wachita ziyenera kukhalapobe makina akapanga reboot, nde woiwala systemctl enable kapena wolakwitsa fstab amalira. Mtengo wake ndi madola mazana angapo, kwa ife si masewera, komanso mukalembera pa intaneti pamafunika kamera, netiweki yosaduka ndi magetsi odalirika kwa maola, zomwe muyenera kukonzekera ngati mbali ya mayesowo. Koma mndandanda wa zomwe amafunsa uli pa website zao ulere, utengeni ukhale silabasi yanu ngakhale ndalama yolembera isanapezeke. Red Hat imaperekanso RHEL yeniyeni ulere kwa munthu payekha kudzera mu developer subscription.

Labu ili ndi malire ake, mulibe munthu wokwiya. Pezani penapake pomwe anthu enieni adalire makina anu, CDSS ya kufupi ndi kwanu, parishi, kopaletivi ya alimi a mbatata ku Bembeke, kaofesi kalikonse. Seva yaing'ono ya Kolibri kapena Kiwix pa wifi ya pasukulu, ana nkumawerenga popanda data, kapena Samba yosungira mafayilo a ofesi. Gwirizanani bwinobwino ndi eni ake, zoyesayesa zanu zizithera ku labu osati pa makina awo, ndipo mafayilo a anthu ngakhale root ikukulolani kuwatsegula si anu. Aphunzitsi akakuimbirani Lolemba mmawa kuti sizikutheka, osatha kufotokoza kuti chikukana nchiyani, muphunzira kufunsa mafunso oti mupeze vuto pa foni, komanso muyamba kufuna monitoring, kaya Zabbix, Prometheus kapena kascript kongokutumizirani uthenga disiki ikafika 85%, kuti muzidziwa iwo asanaimbe.

Anthu oti muphunzire nawo alipo ngakhale kuno amaoneka osowa. AfNOG imachititsa maphunziro a netiweki ndi ma seva mu Africa muno, NSRC ya ku yunivesite ya Oregon imaika zophunzitsira zake pa intaneti ulere, kwathu kuno kuli ICTAM, bungwe la anthu a ICT, ndi magulu a pa WhatsApp osawerengeka. Kungoti funsani mwa nzeru. Kulemba kuti akuluakulu seva yanga sikugwira thandizeni palibe akuyankheni. Nenani distro ndi version, chomwe mumafuna kuchita, command yomwe mwalemba, error yonse mmene yatulukira osati chithunzi cha sikirini chojambula mopendama, ndi zomwe mwayesa kale, mutachotsamo ma pasiwedi ndi ma key. Nthawi zambiri mukamalemba zimenezi yankho limatulukira pompo musanatumize.

Vuto lililonse mukalithetsa lilembeni mu fayilo, tsiku, chinaoneka bwanji, munaganiza chani poyamba, chinali chani kwenikweni, munakonza bwanji. Fayilo imeneyo pamodzi ndi ma playbook anu ziikeni pa GitHub kapena GitLab, zinsinsi mutachotsa, link yake ikhale pa CV. Ofunsa intaviyu odziwa ntchito amakonda funso ngati loti website ikuchedwa muyambira pati, ndipo amamvetsera ngati mutchule load, memory, disiki, DNS ndi ma log motsatana bwino kapena mungoti ndipanga restart.